Buku lobwerera kwa eni mawu: kudzisindikizira kafukufuku m'dera la Mkaika

Kudzisindikizira buku ndi kusenza wekha ntchito zonse zimene kampani yofalitsa mabuku imagwirira mlembi: kupeza mkonzi, kuyala masamba, kujambulitsa chikuto, kulipira eni makina, kusunga mabukuwo ndi kuwagulitsa. Ndalama zimachoka m'thumba la mlembi, phindu likapezeka ndi lake, ndipo makatoni akatsalira kuchipinda amalira nawo yekha. Pakati pa mabuku otuluka mwa njira imeneyi masiku ano pali ena ophunzitsa kafukufuku wa ogwiritsa ntchito zinthu. Limeneli ndi luso lofunsa ndi kuonerera anthu amene chinthu chinapangidwira, kaya ndi mjigo, fomu ya kuchipatala, khadi yowombolera feteleza kapena pulogalamu ya pa foni, kuti opanga adziwe ngati chikuwathandizadi ndiponso pamene chikuwakola.

Nkhani ziwirizi zimakumana m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, m'Chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, kumene kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi ndi phata la Achewa a m'mayiko atatu. Anthu a m'midzi imeneyi akhala akuyankha mafunso a ofufuza kwa zaka pafupifupi 80. Ofunsa sanasowepo. Chimene chasowa kwambiri ndi buku la m'chilankhulo cha eni dera, lobweza kwa iwo zomwe zinapezeka ndi kuphunzitsa ana a pomwepo kafunsidwe kake.

Kumene mayankho anapita

A Max Marwick anakhala m'midzi ya Achewa a m'boma lomwe nthawiyo linkatchedwa Fort Jameson mu 1946 ndi 1947, nabweranso mu 1952 ndi 1953. Anafunsa za maliro, za mikangano ya pachibale ndi za ufiti, ndipo buku lawo, Sorcery in its Social Setting, linatuluka ku Manchester mu 1965. A Harry Langworthy anayenda kwa akuluakulu kutolera mbiri ya ufumu wa Undi, nalemba zimene anapeza pa digiri yawo ya ku Boston University mu 1969. Ntchito ziwirizi n'zamtengo wapatali ndipo ophunzira amaziwerengabe. Komabe zinalembedwera anthu a m'mayunivesite, m'Chingerezi, mwakuti mdzukulu wa munthu amene anayankha mafunsowo ayenera kukafika ku laibulale yaikulu mumzinda kuti aone zimene agogo ake ananena.

Njira ina inalipo. A Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma m'Malawi, anatolera mbiri kwa akuluakulu nalemba Mbiri ya Achewa m'Chichewa m'zaka za m'ma 1940. Lomasulira m'Chingerezi linadzatuluka mu 1973 ku Wiesbaden, m'dziko la Germany, lili ndi ndemanga za a Langworthy omwe aja. Apa eni chilankhulo ndiwo anayamba kuwerenga, akunja n'kutsatira patapita zaka pafupifupi 30. Mu 2010 bungwe laling'ono la Lembani Trust ku Lusaka linatulutsa mbiri ya moyo wa Kalonga Gawa Undi X, yolembedwa ndi a Walima Kalusa mothandizana ndi a Mapopa Mtonga. Iyi ndi mfumu imene inadzutsanso mwambo wa Kulamba mu 1984, atsamunda atauletsa mu 1934. Bukuli linabadwira m'dziko momwemo, ngakhale kuti nalonso ndi la m'Chingerezi.

Luso lomvera anthu nalonso silachilendo m'chigawochi. Pa wailesi ya Breeze FM ku Chipata, yomwe anayambitsa a Mike Daka, muulutsi wotchedwa Gogo Breeze anatchuka chifukwa chowerenga makalata a omvera ndi kuyenda m'midzi ndi m'misika atanyamula chojambulira mawu, kumva madandaulo a alimi ndi a antchito kenako n'kukawafunsa amene akudandaulidwawo. A Harri Englund analemba buku lonse za ntchito imeneyi, ndipo linatuluka ku Chicago mu 2018.

Kusowa kwa mabuku a Chinyanja a anthu akuluakulu kuli ndi mbiri yake. Mu 1948 maboma a atsamunda anakhazikitsa ofesi imodzi yofalitsa mabuku a zilankhulo za ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Zambia italandira ufulu, Kenneth Kaunda Foundation inayamba mu 1966, ndipo pambuyo pake inasanduka Zambia Educational Publishing House. Mabuku a nthano ndi a miyambo anatuluka ndithu, koma msika waukulu unali sukulu, ndipo mpaka lero ofalitsa ambiri amayang'ana buku limene Unduna wa Zamaphunziro ungavomereze. Buku la Chinyanja lophunzitsa alangizi, anamwino ndi achinyamata a mabizinesi momwe angafunsire anthu silili pa silabasi iliyonse. Kampani yowerengera phindu imalikana mosavuta, ndipo mlembi wake amatsala ndi njira imodzi, yodzisindikizira.

Chimene buku lotere limaphunzitsa

Phunziro lowawa kwambiri kum'mwera kuno kwa Africa ndi la PlayPump, mjigo wopangidwa ku South Africa umene unkapopa madzi ana akamazungulira pa chitsulo chosewerera. Mu 2006 boma la America ndi mabungwe ena analonjeza madola 16.4 miliyoni, ndipo mijigoyi inaikidwa m'Mozambique, m'Malawi, m'Zambia ndi m'mayiko ena. Pa chithunzi inkaoneka bwino. Koma m'mudzi madzi amafunika mbandakucha ndi madzulo, pomwe ana ali mtulo, ali pa ulendo wa kusukulu kapena atopa, motero amayi ndiwo ankakankha chitsulocho ndi manja, ena oyembekezera, ena okalamba. Ikawonongeka, amisiri a m'mudzi analibe zipangizo zoikonzera. M'madera ena a ku Mozambique mijigo yamanja imene anthu anaizolowera inazulidwa eni ake osafunsidwa. Pofika 2010 bungwe lomwe linkaifalitsa linasiya ntchitoyo. Akale anati safunsa anadya phula. Chomvetsa chisoni pa nkhani zachitukuko n'chakuti phulalo amadya ndi amene sanafunsidwe.

Chitsanzo china alimi a ku Katete amachidziwa okha. Boma linayesa makadi a e-voucher mu pulogalamu ya zipangizo zaulimi ya FISP m'nyengo ya 2015/2016 m'maboma 13, ndipo mu 2017/2018 linawafalitsa dziko lonse. Ganizo linali labwino: mlimi asonkhe K400, boma liwonjezere, iye akasankhe yekha zipangizo kwa wogulitsa wapafupi. Koma khadi imafuna netiweki, imafuna wogulitsa amene ali ndi katundu, imafunanso kuti itsegulidwe mvula isanagwe. Kumene chimodzi mwa izi chinasowa alimi anadikira mpaka nthawi yothira feteleza kupita, ndipo chaka chotsatira maboma ambiri anabwerera ku njira yakale.

Mutu woyamba wa buku la kafukufukuyu umakhala wa maso, pakamwa pasanayambe. Wofufuza akaima kanthawi pa kanyumba ka ejenti wa ndalama za pa foni pamsika, amaona mayi wachikulire akumasula mfundo ya chitenje, kutulutsa kafoni ka mabatani, n'kupereka kwa ejenti pamodzi ndi kapepala kopindapinda kolembedwa nambala yachinsinsi. Ejenti ndiye amadina zonse. Mayiyo amangomvera kulira kwa meseji, n'kupempha kuti amuwerengere. Munthu yemweyu akafunsidwa pa fomu ngati amatha kutumiza ndalama pa foni ayankha kuti inde, ndipo sakunama, pakuti ndalama zimafikadi kwa mwana wake ku Chassa kapena ku Lusaka. Fomu ilemba kuti pulogalamu ikuyenda bwino. Maso okha ndiwo aona kuti chinsinsi cha ndalama zake chili m'manja mwa munthu wina, ndiponso kuti wogwiritsa ntchito pulogalamuyo kwenikweni ndi ejenti.

Kafunsidwe kali ndi mwambo wake, ndipo apa ndi pamene mabuku ochokera kunja amaperewera. Kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Kathumba kapena kwa Pembamoyo, mlendo sayamba mafunso asanaonekere kwa nyakwawa ndi kufotokoza chimene wadzera. Ulemu umenewu sudumphidwa. Koma wofufuza akasiya kuti nyakwawa isankhe okafunsidwa onse, amapeza achibale ake ndi a m'makomiti okhaokha. Akaitanitsa msonkhano wa mudzi wonse, abambo amakhala pa mipando kutsogolo, amayi pa mphasa kumbuyo, ndipo yankho la amayi limangokhala lakuti, “Monga anenera abambowa.” Zoona zake zimamveka kumjigo, kuchigayo ndi kudimba, kumene munthu amayankha manja ali pa ntchito. Galimoto yolembedwa dzina la bungwe nayo imasintha mayankho: anthu amaganiza kuti kukubwera thandizo, ndipo aliyense amayankha moti dzina lake lisatsale m'kaundula. N'chifukwa chake wofufuza wabwino amanena poyambirira, momveka, kuti palibe chimene chidzagawidwe.

Funso lakuti “Kodi chinthuchi mukuchiona bwanji?” limabala yankho limodzi, lakuti “Chili bwino.” Munthu woleredwa bwino sanyoza chimene mlendo wabweretsa. Funso lothandiza limabwerera ku tsiku lenileni: “Amayi, ulendo wathawu pomwe munakatenga feteleza, munanyamuka nthawi yanji? Munapeza ndani? Munabwerako ndi chiyani?” Pamenepo munthu safunika kuyamikira kapena kudzudzula, amangofotokoza, ndipo m'kufotokozamo mumatuluka ndalama ya kabaza, masiku awiri ogona pakhonde la sitolo ndi mwana amene anajomba kusukulu kuti alondere mbuzi.

A Robert Chambers, m'buku lawo la 1983 lotchedwa Rural Development: Putting the Last First, anaonetsa kuti ofufuza amakonda midzi ya m'mbali mwa tala ndi nyengo ya chilimwe, amakumana ndi abambo ndi anthu opezako bwino, ndipo umphawi weniweni sauona. M'derali zimenezi zikutanthauza kuti wofunsa anthu a m'mbali mwa Great East Road mu Julayi, nkhokwe zili zodzaza, sanamve za Vubwi mu Febuluwale, mitsinje itadzaza, ufa utatha m'nyumba. Za chiwerengero cha ofunsidwa, a Jakob Nielsen analemba mu 2000 kuti kuyesa chinthu ndi anthu asanu kumavumbula pafupifupi 85 peresenti ya zovuta za kagwiritsidwe kake. Mfundoyi imathandiza wofufuza wopanda ndalama, bola akumbukire kuti asanuwo ndi a gulu limodzi. Aphunzitsi asanu a pa boma sangayankhire agogo asanu osadziwa kuwerenga.

Alembi amene anadzisindikizira

Ena mwa mabuku odziwika pa lusoli sanadzere ku makampani akuluakulu. A Rob Fitzpatrick anadzisindikizira The Mom Test mu 2013, kabuku kakang'ono kophunzitsa kuti ngakhale mayi ako okubala adzakuyamikira ganizo la bizinesi chifukwa cha chikondi, choncho uziwafunsa za moyo wawo m'malo mwa ganizo lako. A Jan Chipchase, amene anagwira ntchito ku Nokia ndipo anaona anthu a ku Uganda akutumizirana ndalama kudzera m'mayunitsi a foni M-Pesa isanayambe ku Kenya mu 2007, anatulutsa The Field Study Handbook mu 2017, buku la masamba oposa 500, atasonkhetsa ndalama kwa owerenga pa Kickstarter. Mayi Michele Hansen analemba Deploy Empathy pang'onopang'ono, akutumiza zigawo kwa owerenga pa imelo ndi kucheza nawo za zimene sanamve, mpaka bukulo linatuluka mu 2021.

Chimene alembi otere amachita bwino n'chakuti buku lawo amaliyesa ngati chinthu china chilichonse chopangidwira anthu. Owerenga oyamba amapatsidwa mitu isanamalizidwe, ndipo mlembi amayang'ana pamene atopera, pamene asokonezekera ndi pamene alekezera. Buku lophunzitsa kufunsa anthu lomwe mlembi wake sanafunse wowerenga ndi mmodzi yemwe limadzitsutsa lokha.

Mlembi wa ku Katete sangatengere zonse za anzakewa. Amazon ilibe sitolo m'Zambia, ndipo owerenga ake ambiri sagula zinthu pa intaneti ndi khadi ya kubanki. Ali ndi njira zake. Gulu la pa WhatsApp la alangizi, aphunzitsi ndi a zaumoyo lingalandire mutu umodzi pa sabata, waufupi woti bandulo yochepa ikwanire. Wailesi monga Mphangwe FM ya ku Katete ndi Breeze FM zimafika kumene pepala silifika. Kopaletivu, banki ya m'mudzi kapena gulu la amayi a mpingo lingamvetsere mutu ukuwerengedwa mokweza. Kuyesa kumeneku n'kwamphamvu kuposa kutumiza pepala, chifukwa mlembi amakhala pambali, wina n'kumawerenga. Pamene wowerengayo wapunthwa pali chiganizo chokhota. Pamene omvera ayamba kuyang'ana kumbali pali ndime yofunika kudula. Pamene wina wadula mawu n'kunena kuti, “Kwathu sizitero,” pali mutu wofunika kubwereranso kumudzi.

Kudziwitsa owerenga momwe buku likuyendera

Mlembi wodzisindikizira alibe ofesi yomulengezera. Uthenga umene amatumiza kwa omudikira mwezi ndi mwezi ndiwo umasunga chikhulupiriro chawo, ndiponso umamukakamiza iye mwini kuti asagone. Uthenga wabwino umanena zinthu zogwirika: mutu wachinayi watha, wachisanu walembedwanso chifukwa alangizi a ku Sinda sanaumve, osindikiza awiri apereka mitengo, tsiku lotulutsira lasunthira kutsogolo ndipo chifukwa chake ndi ichi. Uthenga wongoti buku lili pafupi kutuluka, ukabwerezedwa katatu, anthu amaleka kuuwerenga.

Nkhaniyi imakula pamene owerenga alipiriratu. Kusonkhetsa ndalama buku lisanatuluke kumathandiza kulipira osindikiza ndipo kumaonetsa makope angati akufunikadi, koma ndalama imeneyo ndi ngongole. Imafuna kaundula wa mayina, masiku ndi manambala a malisiti a pa foni, ndipo siyenera kusakanizidwa ndi ya ndiwo kapena ya fizi. M'tauni yaing'ono ngati Katete mlembi amakumana ndi omulipirawo kutchalitchi, kumaliro ndi pamsika. Kuchedwa amakhululuka ngati auzidwa msanga. Chimene sakhululuka ndi kukhala chete.

Kalembedwe

Chilankhulo cha ku Mkaika chili ndi malamulo awiri a kalembedwe. A ku Zambia, amene Unduna wa Zamaphunziro unavomereza mu 1977, amalemba c pamene a ku Malawi, otsatira malamulo oyamba a 1973, amalemba ch. Mwana wophunzira ku Sinda anazolowera kuona “cimanga”, wa ku Mchinji “chimanga”. Boma la Vubwi limachita malire ndi Malawi komanso Mozambique, ndipo owerenga a kumeneko amaona zonse ziwiri. Mlembi asankhe kalembedwe kamodzi poganizira kumene mabuku ambiri adzagulitsidwe, akatchule pa tsamba loyamba, ndipo asakasinthe mpaka kumapeto. Ngati akulemba ŵ aonetsetse kuti zilembo za pa kompyuta ya osindikiza zili nayo, chifukwa ikasowa pamalopo pamatuluka kabokosi.

Mkonzi ndiye munthu amene wodzisindikizira sayenera kumuumira ndalama. Mphunzitsi wa Chinyanja wopuma pa ntchito amagwira zolakwa zimene maso a mlembi anazizolowera. Wina wodziwa ntchitoyo, monga mlangizi wakale, amagwira zolakwa za mfundo. Anthu awiriwa ndi osiyana, ndipo onse ndi ofunika kulipidwa.

Mawu a anthu ndi zinsinsi zawo

Buku la kafukufuku limamangidwa ndi mawu a anthu ena, ndipo kuvomera kucheza sikuvomera kusindikizidwa. Munthu auzidwe m'chilankhulo chake kuti zimene akunena zidzalowa m'buku logulitsidwa, ndipo apatsidwe mpata wokana. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limateteza mbiri ya munthu payekha, ndipo nkhani za thanzi limaziika m'gulu lofuna kusamalitsa kwambiri. M'mudzi kusintha dzina lokha sikubisa munthu. Kungotchula kuti mayi wamasiye wa ana anayi amene ali ndi ngolo pafupi ndi sukulu yakutiyakuti, aliyense wamudziwa kale. Mlembi amasinthanso zizindikiro zina, kapena amasiya nkhaniyo ngati ingadanitse munthu ndi nyakwawa, ndi mwamuna wake kapena ndi komiti imene imagawa feteleza.

Pali zinanso zomwe si za munthu mmodzi kuti avomereze. Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, koma zimenezi sizinatsegule za kudambwe kuti zilembedwe ndi aliyense, ndipo za kutsimba zili ndi anamkungwi ake. Wofufuza za mjigo kapena za foni angazimve mwangozi pocheza. Sizilowa m'buku.

Kwa osindikiza

Kukula kofala kwa buku lotere ndi A5, theka la pepala la mu ofesi, chifukwa sikutaya pepala ndipo kumalowa m'chikwama cha mlangizi wa pa njinga. Masamba amawerengedwa anayianayi, popeza pepala limodzi lopindidwa limapereka masamba anayi. Kabuku kochepa kamamangidwa ndi mawaya pakati, ndipo kamatseguka bwino pa bondo. Buku lokulirapo limamatidwa ndi guluu kumsana, ndipo guluu wachabechabe amasiya masamba akuthothoka pakatentha mu Okutobala. Pepala la 80 gsm limakwanira mkati. Chikuto chimafuna pepala lolimba lokutidwa ndi pulasitiki yopyapyala, poganizira fumbi, thukuta ndi mvula. Zilembo zikhale zazikulupo, chifukwa ambiri adzaliwerenga madzulo ndi tochi ya foni.

Makina ali a mitundu iwiri. A digital amasindikiza makope ochepa, 50 kapena 100, pa mtengo wokwera pa buku lililonse. A offset amafuna ndalama zambiri poyamba, koma mtengo wa buku limodzi umatsika makope akachuluka. Woyamba kumene amakopeka ndi kutsikako n'kuitanitsa makope 1,000, kenako n'kupeza kuti ndalama zake zonse zagona m'makatoni momwe chiswe ndi chinyezi zikuzidikira. Nzeru ndi kuyamba ndi ochepa, kuona momwe akuyendera, kukonza zolakwa, n'kuwonjezera. Mtengo wa osindikiza a ku Chipata uyerekezedwe ndi wa ku Lusaka ataphatikizapo ndalama yonyamulira pa basi, mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kukafika ku Katete. Pepala lambiri limachokera kunja, motero kwacha ikagwa mtengo umene unaperekedwa mwezi watha sukhalanso womwewo. Mlembi asalole makina kuyamba asanagwire kope imodzi yoyeserera ndi kuiwerenga yonse.

Malamulo ake ndi ochepa koma ndi ofunika. Buku logulitsidwa m'masitolo limafuna nambala ya ISBN ya manambala 13, ndipo za ku Zambia zimayamba ndi 978-9982. Lamulo la Printed Publications Act limafuna kuti dzina ndi adiresi ya wosindikiza ndi wofalitsa zilembedwe m'bukumo, komanso kuti kope imodzi iperekedwe ku National Archives of Zambia ku Lusaka pasanathe miyezi iwiri. Wodzisindikizira ndiye wofalitsa, choncho udindowu ndi wake. Umwini wa zolemba umatetezedwa ndi Copyright and Performance Rights Act ya 1994, ngakhale kuti chitetezo chenicheni ku fotokope ndi mtengo umene mphunzitsi angakwanitse.

Kugulitsa ndi kubweza

Sitolo ya mabuku imatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo kapena kuposerapo, ndipo nthawi zambiri imalipira buku likagulidwa. Mtengo wa pachikuto uyenera kukwanira osindikiza, mkonzi, mayendedwe, gawo la sitolo ndi makope aulere, apo ayi mlembi amaluza pa buku lililonse limene lagulidwa. M'maboma atatuwa masitolo a mabuku okhaokha ndi osowa, motero buku limayenda ndi anthu: pa misonkhano ya alangizi, pa maphunziro a mabungwe, m'masitolo a zolembera, pa zionetsero za ulimi. Makomiti a chitukuko a m'mawodi ndi gulu lina lofunika kulifikira. Kuyambira 2022, pomwe thumba la chitukuko la CDF linakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, makomitiwa ndiwo amatolera zofuna za anthu, ndipo kafunsidwe kawo ndi kamene kamasankha ngati mudzi upeza mlatho kapena chipinda cha sukulu.

Nyengo nayo ndi yofunika kuiwerengera. Ndalama zimayenda m'midzi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, anthu akagulitsa soya, mtedza, mpendadzuwa, thonje ndi chimanga. Buku lotuluka mu Januwale limapeza matumba ali gwa. Kulamba, kumene kumachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti, kumasonkhanitsa ku Mkaika mafumu ndi anthu ochokera m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique, ndipo palibe tsiku lina pa chaka limene owerenga Chichewa a mayiko atatu amapezeka pamalo amodzi ochuluka chotere. Wofuna kugulitsa kumeneko amayamba wapempha malo kwa okonza mwambo, ndipo amakumbukira kuti anthu adzera kulamba, malonda ndi apambali.

Makope oyamba kutuluka m'katoni ndi a midzi imene inayankha mafunso: imodzi kwa nyakwawa, ina kusukulu, ina kukopaletivu. Popeza ambiri mwa oyankhawo sawerenga, kubweza kwenikweni kumachitika pakamwa. Mlembi amabwerera pa bwalo lomwe lija, mutu wokhudza mudziwo n'kuwerengedwa, anthu n'kunena ngati anawamva bwino. Mitu ingajambulidwenso mawu, n'kuyenda pa WhatsApp ndi pa memori khadi, kapena kuulutsidwa pa wailesi. Zonse zimene anthu atsutsa kapena kuwonjezera zimalembedwa mu kope imodzi yosungidwa padera, pamodzi ndi zolakwa za kalembedwe zimene owerenga atumiza. Makope oyamba akatsala pang'ono kutha, kope yodzaza ndi zolemba za bolopeni ija ndiyo imapita kwa mkonzi, ndipo kusindikiza kwachiwiri kumatchula pa tsamba loyamba chaka chake ndi mitu imene yasintha.